Anati Mleme Sungakhale Khansala

Ndinabadwira ku Chifunda, m'chigwa cha Luangwa, m'mudzi umene njovu zimadutsa kuseri kwa nkhokwe ngati njirayo ndi yawo. Amama anali Msenga. Ali mtsikana ankachapa ndi kusita pamsasa wa alenje achizungu amene ankabwera m'chilimwe kudzasaka nyama, ndipo bambo anga anali mmodzi wa alenjewo. Anachoka mvula isanagwe, ine ndisanabadwe, osabweranso. Sanasiye kalata ngakhale chithunzi. Anangondisiyira khungu lofiira ndi tsitsi lofewa limene linkakana kulukika.

Amene anandilera ndi asibweni, ndiye kuti amalume m'chilankhulo chathu, mlongo wawo wa amama. Anzanga ankanditchula kamzungu, koma sizinkandipweteka kwenikweni. Khasu ndinkagwira ngati iwo, mbalame m'munda wa mpunga tinkaingitsa limodzi, ndipo tikaba mango ndodo inkatipeza tonse mofanana. Chimene chinandipweteka ndinakachipeza m'buku, kusukulu ya sekondale kuboma la Chama.

Linali buku lakale, lolembedwa ndi mzungu agogo athu asanabadwe, limodzi mwa mabuku amene aphunzitsi ankati munthu wophunzira ayenera kuwadziwa. Linkanena za wolembayo mwini wake, mzungu woyeza malo amene anayenda ulendo wapansi m'dziko la anthu akuda ali ndi amtengatenga ambirimbiri. Ndisaname, bukulo ndinalikonda. Wolembayo akamafotokoza mtsinje wodzala kapena kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ine ndinkaona kwathu. Koma pakati pa nkhaniyo panali womasulira, munthu wa bambo mzungu ndi mayi wakuda. Bukulo linkati m'thupi mwake munali magazi awiri osagwirizana, choncho sakanatha kukhala wokhulupirika kwa aliyense. Ankanyenga azungu, n'kunyenganso anthu akuda, ndipo pomaliza anafera patchire popanda womulira.

Aphunzitsi atawerenga mokweza ndime imeneyo, kalasi yonse inatembenuka kuyang'ana ine. M'kalasimo munali mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, wanzeru kwambiri, amene tinkakwera naye lole imodzi sukulu ikamatsegulidwa. Anandinong'oneza akumwetulira: "Mleme. Si mbalame, si mbewa." Anzake anamva n'kuseka, dzinalo n'kundikanirira mpaka tinalemba mayeso otsiriza. Sindinalire pamaso pawo. Ndinalimbikira, phunziro lomwelo n'kukhoza kuposa onse, ndipo mafunso onena za womasulira uja ndinkayankha monga momwe aphunzitsi ankafunira.

Ndinadzakhala mphunzitsi wa Chingelezi. Ndinaphunzitsa ku Lundazi ndi ku Chipata, kenako ananditumiza kwathu ku Chama. Buku lija ndinalipeza m'kabati ya sukuluyo, zikuto zitathothoka. Kwa zaka zingapo ndinkaliphunzitsa ndikudumpha mutu wa womasulira. Ndinkauza ana kuti nthawi yatha, akawerenge okha. Tsiku lina mtsikana wina wa ku Tembwe, wosaopa munthu, anakweza dzanja.

"Madamu, mwadumpha mutu wina. Kodi n'chifukwa choti akunena inu?"

Ndikanatha kumulanga chifukwa cha chipongwe, koma funsolo linali loona.

"Inde, n'chifukwa chake," ndinayankha. "Manje tsegulani, tiwerenge."

Mutu umenewo tinakhala nawo sabata yathunthu. Powerenga pang'onopang'ono ndi anawo, ndinaona zinthu zimene ndili mtsikana sindinazione chifukwa chotanganidwa ndi bala langa. Galu wa mzunguyo anali ndi dzina, koma amtengatenga onse aja analibe. Wolembayo ankawatchula aulesi patsamba lomwelo limene ankamuwolotsa mtsinje atamunyamula pa machila. Ankati maganizo awo ndi a ana, chonsecho amene ankadziwa kumene kuli madzi anali iwowo. Anawo anakwiya, ena anati buku lotere liwotchedwe. Ine ndinakana. Ndinati munthuyu kulemba ankadziwa, tiphunzire luso lake, koma tidziwenso pamene ananama. Kuyambira chaka chimenecho sindinadumphenso mutu uliwonse.

Amama atayamba kufooka ndinapuma pantchito n'kubwerera kumudzi. Ana anga anali atakula, mwamuna wanga anali atamwalira kale, ndipo ndinkaganiza kuti ndizikangolima mpunga ndi kuimba kwaya. Koma munthu wodziwa kulemba sakhala chete pamudzi. Njovu zikadya chimanga, amayi ankabwera kuti ndiwalembere kalata yopita kwa oyang'anira nyama. Ndiye panali kamtsinje kena pakati pa midzi yathu ndi chipatala, kamene m'chilimwe mwana amalumpha, koma m'dzinja kamadzala mpaka m'khosi. Chaka chimenecho mayi wina woyembekezera anachirira m'mbali mwa kamtsinjeko anthu akudikira kuti madzi aphwe, ndipo mwanayo sanakhale moyo. Titachoka kumaliro, amayi a mpingo anandizungulira pabwalo la tchalitchi.

"Aphunzitsi, makalata anu amapita osabwerako," anatero mtsogoleri wawo, mayi wamfupi wa mawu aakulu. "Manje mupite nokha. Muime pa ukhansala."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinawapempha sabata imodzi kuti ndiganize, ndipo sabatayo isanathe ndinali nditavomera mumtima. Asibweni ndiwo sanakondwe. Ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango, ndipo anamvetsera osakweza mutu.

"Mwana wanga, ndale zimafukula zimene anthu anakwirira," anatero. "Amayi ako anazunzika mokwanira. Ukufuna anthu ayambenso kuwaloza chala ali ndi imvi?"

Ndinakafunsa amama. Anali akupeta mpunga. Anangoti, "Miyendo ndi yako," n'kupitiriza kupeta. Nkhani ya bambo anga sitinkaikamba m'nyumba mwathu, ndipo tsiku limenelonso sitinaikambe.

Ndinaima pandekha, wopanda chipani. Wopikisana nane wamkulu anali yemwe uja anandipatsa dzina loti mleme. Tsopano anali bambo wonenepa wogula mpunga ndi thonje, wokhala ndi lole yakeyake, ndipo chipani china chinali kumbuyo kwake. Sanali munthu woipa mtima. Maliro akachitika lole yake inkanyamula anthu, ndipo ambiri ankamukonda pa chifukwa chimenecho. Tinakumana pamsika, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Asisi, ndale si kalasi," anatero akuseka. "Kuno kulibe kukhoza mayeso."

Iye ankayenda pa lole yokhala ndi zokuzira mawu, akugawa zitenje. Ine ndinkayenda pa njinga, mchenga ukachuluka n'kumaikankha, amayi a mpingo awiri kapena atatu akundiperekeza wapansi. Ndinkalowa khomo ndi khomo, kukhala pamphasa, kukamba za mlatho wa pakamtsinje kaja ndi za njovu. Masabata oyamba anthu ankandilandira bwino. Kenako zinthu zinasintha. M'mudzi wina ndinapereka moni, anthu n'kuyankha maso ali kumbali. Bambo wina amene ndinkamulembera makalata anandifunsa mosabisa.

"Aphunzitsi, tamva kuti mukapambana mudzapereka minda yathu kwa abale anu a kumsasa, kuti nyama zawo zizidyeramo. N'zoona?"

Mtsogoleri wa amayi uja ndiye anandiuza kumene mawuwo ankachokera. Mnzanga wopikisana nane uja, pamisonkhano yake, ankati makolo athu anavutika kuchotsa azungu paulamuliro, ndiye lero tisawalowetsenso kudzera pakhomo la kuseri. Ankati mleme sungatsogolere mbalame. Ndipo pofuna kuti anthu akhulupirire, ankawonjeza kuti zimenezi si zake, zinalembedwa m'buku lalikulu limene tonse awiri tinaphunzira kusukulu: munthu wa magazi awiri ali ndi mitima iwiri.

Tsiku limenelo sindinadye. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana njinga yanga, ndipo ndinaganizadi zosiya. Zaka makumi atatu ndi mphambu zinali zitapita, koma ndinamva ngati ndakhalanso pa desiki lija anzanga atanditembenukira. Chimene chinandiimitsa si kulimba mtima. Ndinakwiya. Ndinakwiya kuti munthu amene anawerenga buku lonselo angatolemo tsamba limodzi n'kukaopseza nalo anthu amene sangathe kuliwerenga okha. M'mawa mwake ndinakwera lole ya mpunga kupita kuboma, ndinakabwereka bukulo kusukulu imene ndinkaphunzitsa, n'kubwerera nalo m'chikwama.

Atsogoleri a mipingo anali atakonza msonkhano woti onse opikisana adzalankhule pamaso pa anthu, pabwalo la sukulu ya pulayimale. Unali m'mawa wa Loweruka, dzuwa litayamba kale kutentha. Anthu anadzaza pansi pa mitengo, njinga zitatsamira khoma lonse la kalasi. Asibweni anabwera. Amama nawonso anabwera, zimene sindinkayembekezera, ndipo anakhala kumbuyo pakati pa amayi anzawo.

Mnzanga uja analankhula bwino, pakamwa anali napo. Analonjeza mlatho, misewu, feteleza. Chakumapeto anatembenukira kwa ine mwaulemu.

"Asisi anga awa ndimawalemekeza, ndi ophunzira. Koma akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Tsiku limene mzungu wa kumsasa adzakangane ndi mlimi wa kuno, iwo adzaima mbali iti? Magazi sanama. Ngakhale mabuku amatero."

Anthu ena anawomba m'manja. Nthawi yanga itakwana, ndinaimirira monga momwe ndinkaimira pamaso pa ana zaka zambiri. Ndinatulutsa bukulo n'kulikweza m'mwamba. Ndinalankhula m'Chisenga.

"Buku limene akunena achimwene anga ndi ili. Sananame, zilimodi. Ndikuwerengerani."

Ndinawerenga ndime ya womasulira, ndikumasulira chiganizo chilichonse, osachotsapo kanthu. Magazi awiri, mitima iwiri, imfa ya patchire. Anthu ena anadabwa kuti ndikudzipha ndekha. Kenako ndinatsegula tsamba lina.

"Manje mverani zimene munthu yemweyu analemba za inu."

Ndinawawerengera pamene ankati anthu akuda ndi aulesi, kuti amaganiza ngati ana, kuti popanda mzungu wowayang'anira sangamange ngakhale khola la mbuzi. Ndinawawerengera pamene amuna anayi anamunyamula pa machila kuwoloka mtsinje wa ng'ona, iye n'kumadandaula kuti akuyenda pang'onopang'ono. Phokoso linayamba kumbuyo. Mkulu wina anafuula kuti, "Ameneyo anali wamisala!" Anthu anaseka, koma kuseka kwa mkwiyo.

"Wolemba ndi mmodzi," ndinatero. "Ngati ananena zoona za ine, ndiye kuti ananenanso zoona za inu, ndi za achimwene angawa. Ngati ananama za inu, n'chifukwa chiyani mukufuna kumukhulupirira za ine? Munthuyu sanafike ku Chifunda. Inu mwandiona kuyambira ndikukwawa. Mundiweruze ndi zimene mwaona. Ngati ndinanamizapo munthu pano, aimirire anene."

Palibe anaimirira kudzanena. Koma kumbuyo kunaimirira amama. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anthu akuwapatukira, mpaka anafika kutsogolo. Wotsogolera msonkhano anafuna kuwaletsa, koma amama anangomuyang'ana, iye n'kukhala pansi. Mawu awo anali otsika moti a kumbuyo ankafunsana kuti akuti chiyani.

"Mwana uyu ndinabala ndine. Mzungu amene mukunenayo sanamuonepo, sanamugulirepo ngakhale sopo. Anayamwa bere ili, anadya mapira a mlongo wanga uyo. Zaka zonsezi mwakhala mukunong'ona ndikamadutsa, ine osayankha. Ngati pali mlandu, ndi wanga, bwerani nawo kunyumba kwanga. Uyu musiyeni. Mukafuna kumukana, mukaneni chifukwa cha ntchito zake."

Anatembenuka n'kubwerera pamalo pawo. Asibweni anali ataweramitsa mutu, chipewa chili m'manja. Ine zimene ndinanena pambuyo pake sindizikumbukira bwino. Ndikudziwa kuti ndinakamba za mlatho, ndiponso kuti sindinalonjeze feteleza.

Tikubwerera kumudzi ndinkakankha njinga pambali pa amama. Ndinafuna kuwathokoza, koma anandidula.

"Usandithokoze. Ndinatopa nazo basi."

Madzulo a tsiku lomwelo, tikusenda nyemba, anandiuza kwa nthawi yoyamba mmene bambo anga analili. Anati anali wamtali, woseka msanga, woopa njoka kuposa mwana. Anati sanawakakamize, komanso sanawalonjeze kanthu. Anakamba pang'ono chabe n'kusiya, ine sindinafunse zambiri.

Chisankho ndinapambana, koma ndi mavoti ochepa kwambiri, moti mpaka bokosi lotsiriza palibe ankadziwa. Midzi ina inandikana ndithu, ndipo ena amene anandikana ndimapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Mnzanga uja sanabwere kudzandigwira dzanja. Patapita miyezi tinakumana pamaliro, tinapatsana moni wa anthu akuluakulu, nkhani ija sitinaitchule.

Ndinkaganiza kuti nkhondo ya khungu yathera pomwepo, koma inangosintha mbali. Sabata yoyamba, bambo wina wokalamba anabwera kunyumba ndi nkhuku kudzandiyamikira. Anakhala pampando, anapukuta thukuta, n'kunena mokondwa.

"Ife kwathu tonse tinavotera inu, mayi. Tinati tiyeseko mzungu. Azungu saba, komanso anzawo akunja amawamvera. Manje zinthu zibwera."

Mawu amenewo anandilasa kuposa a mleme aja, chifukwa ananenedwa mwachikondi. Ndinamuuza kuti, "Adada, ine si mzungu. Ndine mwana wa amama awo ali apowo. Ndipo kuba kulibe khungu. Ndikadzaba mudzandigwire ngati wina aliyense." Anaseka, akuganiza kuti ndikucheza. Nkhukuyo ndinalandira, chifukwa kukana mphatso ya munthu wamkulu n'chipongwe, koma inandivuta kudya.

Kuboma nakonso zinali chimodzimodzi. Kukabwera alendo a mabungwe othandiza, akuda ndi oyera omwe, maso awo ankayamba kugwera pa ine. Ankadutsa makhansala amene akhala pantchitoyo zaka zambiri n'kudzandifunsa ine maganizo a anthu a m'boma lonse. Tsiku lina mayi wina wachizungu anandikokera pambali nthawi ya tiyi n'kunena kuti akusangalala kupeza munthu amene angamvane naye. Pafupi nafe panali khansala wa dera la Kambombo, bambo wodekha amene amadziwa mudzi uliwonse ndi chitsime chilichonse cha kwawo. Anamva, anayang'ana pansi. Ndinamugwira mayiyo pamkono n'kupita naye kwa bamboyo.

"Funso lanu lija angayankhe bwino ndi awa," ndinatero. "Ine ndangoyamba kumene, ndikuphunzira kwa iwo."

Ndinaona kuti njira yachidule inalipo. Ndikanalola kuti azindiona ngati mzungu wawo, mwina zinthu zina zikanafika msanga m'dera langa. Ndinaganizapo, sindikana, makamaka ndikakumbukira mayi uja wa pakamtsinje. Koma ndikanatero ndikanavomereza kuti anzanga aja ndi ochepa kwa ine chifukwa cha khungu, ndipo anthu a kwathu akanapitiriza kukhulupirira kuti chabwino chimabwera ndi munthu woyera. Ndinasankha kuima pamzere ngati wina aliyense, kulemba, kukumbutsa, kubwereranso, mpaka a m'maofesi anayamba kubisala akandiona pakhomo.

Zinthu zimayenda pang'onopang'ono. Za mlatho anadzayeza malo, anakhoma zikhomo, koma mpaka lero sunamangidwe, ndipo mwezi uliwonse ndimakaufunsa. Za njovu tinayesa kuzinga minda ndi zingwe zopaka tsabola, zinathandiza m'midzi ina, m'midzi ina njovu zinangodutsa. Amama anamwalira chaka chachiwiri cha ukhansala wanga, mpunga utangokololedwa. Pamaliro awo panabwera anthu a midzi yonse, ngakhale ija inandikana.

Mwezi wathawu mjigo wa m'mudzi wina wakutali unawonongeka, ndipo amayi a kumeneko anayamba kutunga madzi kudambo kumene kumamwera nyama. Ndinamva mochedwa. Nditafika, mayi wina wa mwana kumsana anandilandira ndi mawu, anzake atamuzungulira.

"Inu a khansala, masabata atatu! Mavoti munabwera kudzapempha pakhomo, manje madzi mukudikira kuti tikutumizireni kalata? Mwana wanga akutsegula m'mimba. Nonse ndinu amodzi, mukangokhala pampando mumaiwala."

Ananditsuka pamaso pa anthu kwa nthawi yaitali, ndipo zambiri zimene ananena zinali zoona. Ndinapepesa. Ndinapita kukaona mjigowo, tinatsegula ndi abambo awiri a m'mudzimo, tinapeza kuti ndodo ya mkati inathyoka. Wokonza mijigo amakhala ku Tembwe, ndipo foni yake sinkagwira. Ndinamanga chidutswa chothyokacho kumbuyo kwa njinga, pakaliyala, ndinamwa madzi amene mayi yemwe uja anandipatsa akadali wokwiya, n'kuyamba ulendo wokamufuna.